Oponya mpira mwaliwiro ali m'makomboni: ndani adzawapeza, nanga ndani adzawasunga?

LUSAKA. Mu July 2025, pa msonkhano wake wapachaka umene unachitikira ku Singapore, bungwe loyendetsa masewera a kriketi padziko lonse la International Cricket Council, ICC mwachidule, linalandiranso Zambia kukhala membala wake. Dziko la Timor-Leste nalo linalandiridwa pa msonkhano womwewo, ndipo chiwerengero cha mamembala chinafika pa 110. Nkhani imeneyi sinamveke kwenikweni m'mabasi a ku Kanyama kapena pa msika wa ku Chawama, kumene masewera amene anthu amatsutsana nawo kuyambira m'mawa ndi mpira wa miyendo. Komabe ndi nkhani imene ikukhudza ana a m'makomboni amenewa kuposa mmene ambiri angaganizire.

Kukhala membala wa ICC kumatanthauza kuti timu ya dziko ikhoza kulowa m'mipikisano ya mu Africa imene imatsegula njira yopita ku chikho cha dziko lonse, ndiponso kuti bungwe la Zambia Cricket Union likhoza kulandira thandizo la chitukuko cha masewerawa. Kuyambira pa 1 January 2019, masewera onse a amuna a mtundu wa T20 a pakati pa mayiko awiri amene ali mamembala amawerengedwa kukhala masewera enieni a pakati pa mayiko, mofanana ndi a India kapena Australia. Kwa akazi lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2018. Khomo latseguka, koma funso limene lilipo ndi lakuti adzalowa ndani. Makamaka, ndani adzatenga mpira watsopano ndi kuuponya mwaliwiro loti womenya wa ku Kenya kapena wa ku Namibia achite mantha?

Kumene tachokera

Kriketi si mlendo m'dziko muno. Pa chikho cha dziko lonse choyamba, chimene chinachitikira ku England mu 1975, Zambia inali mbali ya timu ya East Africa pamodzi ndi Kenya, Uganda ndi Tanzania. Osewera monga Parbhu Nana, Yunus Badat ndi Hamish McLeod anachokera kuno. Zambia inakhala membala wa ICC payokha mu 2003, ndipo mu 2010 timu yathu inafika ku Kuwait kukasewera mu gawo lachisanu ndi chitatu la mpikisano wa World Cricket League. Pambuyo pake zinthu zinayamba kutsika. Mu 2019 ICC inaimitsa Zambia chifukwa chosakwaniritsa zofunika pa umembala, ndipo mu 2021 inaichotsa kotheratu. Mwana amene anali ndi zaka 13 pamene chiletso chinayamba anali atafika zaka 19 pamene chinatha. Kwa woponya mwaliwiro, zaka zimenezo ndi zimene thupi limaumbidwa, ndipo zikapita sizibwereranso.

Pali chinthu china m'mbiri yathu chimene chiyenera kutipatsa maganizo. Dziko lino labala osewera kriketi otchuka, koma onse anatchukira kwina. Phil Edmonds anabadwira mu Lusaka mu 1951 ndipo anasewerera England. Neal Radford, wa ku Luanshya, nayenso anaponyera England. Woposa onse pa nkhani yathu ndi Henry Olonga, amene anabadwira mu Lusaka pa 3 July 1976. Banja lake linasamuka iye ali wamng'ono, ndipo anakulira ku Zimbabwe. Mu 1995, ali ndi zaka 18 chabe, anakhala munthu wakuda woyamba kusewerera Zimbabwe m'masewera a Test, aja otenga masiku asanu. Pa chikho cha dziko lonse cha 1999 anatulutsa omenya atatu a India mu ova imodzi yokha mu mzinda wa Leicester, Zimbabwe n'kupambana ndi marani atatu, zimene ndi zigoli za m'kriketi. Chaka chotsatira anatulutsa omenya 6 a England mu Cape Town atawalola marani 19 okha.

Olonga anakhala chimene anakhala chifukwa anakulira kumene kunali sukulu yokhala ndi bwalo, mphunzitsi ndi mpikisano. Akanakulira ku Matero kapena ku George m'zaka zimenezo, n'zokayikitsa ngati akanagwirapo mpira wa kriketi. Mu Lusaka masewerawa akhala akudziwika kwambiri m'makalabu monga Lotus ndi Metropolitan komanso m'masukulu ochepa a anthu opeza bwino. Unyinji wa ana a mzinda uno amakhala kwina.

Kodi woponya mwaliwiro ndi munthu wotani?

Kwa omvera athu amene sanaonererepo kriketi, masewerawa amazungulira pa kanjira ka pakati pa bwalo kotchedwa pitchi, kotalika mamita 20.12. Kumapeto konse kuwiri kuli timitengo titatu totchedwa mawiketi. Woponya amachokera mbali imodzi ndi cholinga chogwetsa timitengoto kapena kuchititsa womenya kulakwitsa, pamene womenya amateteza ndi thabwa lake ndi kufunafuna marani. Mipira isanu ndi umodzi ikaponyedwa, ndiye kuti ova yatha. Mpira wake ndi wolimba, wokutidwa ndi chikopa, ndipo wa amuna umalemera pakati pa magalamu 155.9 ndi 163.

Oponya ali m'magulu awiri. Ena amaponya pang'onopang'ono koma mpira n'kumazungulira kuti ukagunda pansi ukhote. Ena amathamanga kuchokera patali ndi kuuponya ndi mphamvu zonse. Amene amatchedwa aliwiro lenileni amafika makilomita 140 pa ola kapena kupitirira. Pa liwiro limenelo womenya amakhala ndi pafupifupi theka la sekondi kuti aone mpira, aganize ndi kumenya. Liwiro lalikulu kwambiri limene linayezedwapo ndi makilomita 161.3 pa ola, la Shoaib Akhtar wa ku Pakistan, pa chikho cha dziko lonse cha 2003 mu Cape Town.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala ya ku Kalingalinga ndi ku Mtendere ndi ichi: mwa maudindo onse a m'kriketi, woponya mwaliwiro ndiye amene safuna zida zambiri kuti aoneke. Womenya amafunika thabwa lodula, zoteteza miyendo, magolovesi, chipewa cholimba ndi zaka zambiri zoyeserera pa pitchi yabwino kuyambira ali wamng'ono. Woponya amafunika mpira, malo othamangira ndi thupi limene Mulungu anamupatsa. Kulunjika kumaphunzitsidwa, kukhotetsa mpira m'mwamba kumaphunzitsidwanso, koma makochi ambiri amavomereza kuti mbali yaikulu ya liwiro munthu amabadwa nayo. N'chifukwa chake m'mbiri ya kriketi oponya ambiri oopsa achokera kwa anthu osauka, ndipo ambiri a iwo anayamba mochedwa.

Mmene anzathu anawapezera

Makhaya Ntini anali mnyamata woweta ng'ombe m'mudzi wa Mdingi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa. Ali ndi zaka pafupifupi 15, a Raymond Booi, amene anali ofalitsa kriketi m'midzi pansi pa bungwe la Border, anamuona akuponya opanda nsapato. Anamutengera kwa akuluakulu awo, anamugulira nsapato, ndipo anamupezera malo pa sukulu ya Dale College. Mu 1998 Ntini anakhala munthu wakuda wa mu Africa woyamba kusewerera South Africa m'masewera a Test. Anasewera masewera 101 ndi kutulutsa omenya 390. A Booi sanakumane naye mwangozi. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali kuyenda m'midzi ndi mipira m'chikwama.

Ku Zimbabwe, njira inali ya kalabu ya m'komboni. Takashinga ili mu Highfield, dera la anthu wamba la mu Harare limene munthu wa ku Matero angalizindikire mosavuta. Kalabu imeneyi inatulutsa Tatenda Taibu, Hamilton Masakadza ndi Elton Chigumbura, onse atatu amene anadzakhala makaputeni a timu ya dziko. Inaleranso Blessing Muzarabani, woponya wamtali kuposa mamita awiri, amene anayamba kusewera Test mu December 2017. Mu 2023 bwalo la Takashinga linachititsa masewera ena a mpikisano wolowera ku chikho cha dziko lonse. Ana a ku Highfield sanafunike kukwera basi kupita kudera la olemera. Bwalo linawapeza kwawo.

Ku Pakistan, ana a m'misewu amasewera ndi mpira wa tenesi wokulungidwa ndi tepi ya magetsi. Mpira wotere ndi wopepuka, suswa mawindo kawirikawiri, ndipo kuti uthamange pamafunika mkono wachangu kwambiri. Haris Rauf anakulira m'masewera amenewo. Mu 2017 anapita ku mayeso otsegukira aliyense amene timu ya Lahore Qalandars inachititsa mu mzinda wa Gujranwala, makina oyezera liwiro anamuonetsa poyera, ndipo mu 2020 anali akusewerera dziko lake. Ku Guyana, Shamar Joseph wa m'mudzi wa Baracara, kumene anthu amafika pa bwato, ankagwira ntchito ya ulonda asanadzipereke ku kriketi. Mu January 2024 anatulutsa omenya 7 a Australia mu Brisbane, West Indies n'kupambana.

Pafupi ndi kwathu, Uganda inagonjetsa Zimbabwe mu Windhoek mu November 2023 ndi kupita ku chikho cha dziko lonse cha T20 cha 2024. Mmodzi wa oponya ake aliwiro, Juma Miyagi, anakulira mu Naguru, dera la osauka la mu Kampala. Rwanda, imene inalowa mu ICC chaka chimodzimodzi ndi ife mu 2003, inatumiza atsikana ake osapitirira zaka 19 ku chikho cha dziko lonse cha 2023 ku South Africa, kumene anagonjetsa Zimbabwe ndi West Indies. Henriette Ishimwe anatulutsa omenya anayi a Zimbabwe ndi mipira inayi yotsatizana. Abale athu a ku Malawi nawo anafika m'gawo lomaliza la mpikisano wa T20 wa mu Africa umene unachitikira mu Harare mu 2025.

Nkhani zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi. Palibe mwana amene anapita yekha kukagogoda ku ofesi ya bungwe la kriketi. Panali munthu, kalabu kapena dongosolo limene linapita kumene kunali anawo.

Wofufuza luso ayang'ane chiyani?

Makomboni athu sasowa ana amphamvu. Mtendere yokha inatulutsa Esther Phiri m'masewera a nkhonya ndi Barbra Banda mu mpira wa miyendo. Pa bwalo lililonse la fumbi pali mnyamata amene amathamanga kuposa anzake pothamangitsa chimpombwa, ndipo pali mtsikana amene akagwira mpira m'masewera aja ozembazemba otchedwa gemu, anzake onse amadziwa kuti zavuta. Amenewa ndiwo malo oyambira. Wofufuza asayembekeze kupeza mwana wodziwa kale kriketi. Ayang'ane wothamanga momasuka, wamapewa ofewa, wamikono yaitali, wodumpha bwino, ndi amene sagwa ulesi akalephera koyamba.

Koma pali msampha umene tiyenera kuudziwa. Kugenda ndi kuponya kwa m'kriketi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana amene amagwetsa mango ndi mwala amapinda chigongono kenaka n'kuchiwongola mwamphamvu. Malamulo a kriketi amakana zimenezo. Mkono uyenera kuzungulira pamwamba pa phewa uli wowongoka, ndipo kuyambira mu 2005 ICC imalola chigongono kuwongoka madigiri osapitirira 15. Olonga yemweyo anaimbidwa mlandu wogenda m'masewera ake oyamba a Test, ndipo anayenera kukonzanso kaponyedwe kake mothandizidwa ndi Dennis Lillee wa ku Australia, amene panthawiyo ankatsogolera sukulu ya oponya mwaliwiro ya MRF Pace Foundation mu mzinda wa Chennai ku India. Ngati mwana wa pa sukulu yabwino ya ku Zimbabwe anagwa mu msampha umenewu, kuli bwanji wa kwathu amene wazolowera kugenda kuyambira ali wamng'ono? Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Mphunzitsi woyamba amene adzamugwiritse mpira ndiye wofunika kuposa onse otsatira.

Msampha wachiwiri ndi wa msinkhu. Pa anyamata a zaka 14, amene watha msinkhu msanga amaponya mwamphamvu kuposa anzake, ndipo makina oyezera liwiro amasankha iyeyo. Pakapita zaka zinayi, uja anali wowonda ndi wamiyendo yaitali, amene anabwezedwa kunyumba, ndiye akanakhala woposa onse. Choncho mayeso a tsiku limodzi, ngakhale kuti ndi okoma kujambula pa wailesi ya kanema, sangakhale maziko a kasankhidwe. Mwana ayenera kuonedwa kangapo pachaka, msinkhu wake ndi liwiro lake zikulembedwa m'buku, kuti ziziwoneka mmene akukulira.

Msampha wachitatu ndi zaka zonama. Ana ambiri m'dziko muno alibe chikalata chakubadwa, ndipo chitupa cha NRC munthu amatenga akafika zaka 16. Pamene pali mwayi wa sukulu kapena ulendo wa pa ndege, chiyeso chochepetsa zaka chimakula, kwa makolo ngakhalenso kwa makochi. India, imene yavutika kwambiri ndi nkhaniyi, imayeza mafupa a dzanja pa X-ray kwa osewera a m'gulu la osapitirira zaka 16. Ife tikhoza kuyamba ndi zimene tili nazo: khadi ya ku sikelo ndi kaundula wa pa sukulu ya pulayimale, zolembedwa tsiku limene mwana walowa m'gulu, osati tsiku limene timu yasankhidwa.

Kumupeza n'kosavuta, kumusunga ndiye ntchito

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuponya mwaliwiro ndi ntchito imene imazunza thupi. Phazi lakutsogolo likamatera pansi, mphamvu yoposa kangapo kulemera kwa munthuyo imadutsa m'kakolo, m'bondo mpaka kumsana, ndipo zimenezi zimabwerezedwa pa mpira uliwonse. Kwa wachinyamata amene mafupa ake sanakhwime, zotsatira zake kawirikawiri ndi ming'alu ya m'mafupa a m'munsi mwa msana. Ngozi imakula ngati poponya chiuno chikuyang'ana kwina, mapewa kwina. Pat Cummins wa ku Australia anasewera Test yake yoyamba mu Johannesburg mu 2011 ali ndi zaka 18, ndipo yachiwiri anasewera mu 2017 chifukwa cha kuvulala. Iyeyo anali ndi madokotala ndi malipiro nthawi yonseyo. Mwana wa ku Chawama amene msana wathyoka ali ndi zaka 17 alibe zimenezo. Amabwerera kunyumba, mwina osathanso kunyamula thumba la simenti kuti apeze ya ufa.

Pofuna kupewa zimenezi, bungwe la kriketi la England ndi Wales linakhazikitsa malire amene linagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Mwana wa zaka 13 kapena kucheperapo sankaloledwa kupitirira maova 5 motsatizana kapena 10 patsiku. Wa zaka 14 ndi 15 malire ake anali 6 ndi 12, ndipo wa zaka 16 mpaka 19 anali 7 ndi 18. Lamulo lotere silifuna ndalama. Limafuna kochi wokhala ndi kabuku ndi cholembera, komanso mtima wolola kugonja masewera a Loweruka m'malo mowononga mwana. Vuto ndi lakuti pamene oponya abwino ali ochepa, yemweyo mmodzi ndi amene sukulu, kalabu ndi timu ya chigawo onse amamufuna m'sabata imodzi.

Chachiwiri ndi chakudya. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Mafupa amene sanalandire zokwanira paubwana sapirira katundu wofanana ndi a mwana amene anakula akumwa mkaka. South Africa inaphunzira zimenezi mowawa kudzera mwa Mfuneko Ngam, amene anaoneka ngati mlowam'malo wa Allan Donald pamene anayamba Test mu 2000. Anasewera masewera atatu okha, ming'alu ya m'mafupa n'kumugwetsa, ndipo panthawiyo zinanenedwa kuti kuperewera kwa zakudya paubwana kunathandizira vutolo. Aliyense amene akufuna kusula oponya ku Kanyama awerengere nyemba, mazira, kapenta, nsinjiro ndi mkaka ngati zida za masewera, pamzere umodzi ndi mipira.

Chachitatu ndi sukulu ndi banja. Kriketi m'dziko muno siinafike podyetsa munthu monga mmene mpira wa miyendo umachitira kwa ochepa. Kholo limene limadalira mnyamata wake kukagulitsa pa kantemba kapena kukatunga madzi lili ndi ufulu wofunsa kuti masewera achilendowa abweretsa chiyani pakhomo. Yankho loona ndi lakuti ambiri sadzafika mu timu ya dziko. Chimene chinapulumutsa Ntini chinali malo a sukulu. Popeza maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere kuyambira mu 2022, chimene gulu la kriketi lingalonjeze mosanama ndi yunifomu, mabuku, chakudya chamasana ndi lamulo lakuti wojomba ku kalasi saponya. Kwa atsikana pamafunikanso makochi achikazi ndi nthawi yoyeserera imene imatha dzuwa lisanalowe, kuti makolo akhale ndi mtima m'malo.

Malo ndi ndalama

Woponya mwaliwiro amafunika mamita pafupifupi 20 othamangira kuwonjezera pa pitchi, ndipo pansi pake payenera kukhala posalala. Bondo ndi kakolo sizikhululuka dzenje. M'makomboni athu malo otere akucheperachepera. Mabwalo ambiri amene ana ankasewerapo anagawidwa mapuloti, ndipo amene atsala amakhala ndi matimu a mpira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ku Kanyama ndi mbali zina za Chawama, madzi amadzaza m'nyengo ya mvula, ndipo kumayambiriro kwa 2024 mliri wa kolera unachedwetsa kutsegulira sukulu, bwalo la National Heroes n'kusanduka chipatala. Dongosolo lililonse la kriketi liyenera kuwerengera zimenezi, ndi kugwiritsa ntchito mokwanira miyezi youma ya April mpaka October.

Pitchi ya udzu ndi yodula kusamalira, koma si yofunika poyamba. Mayiko ambiri ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito kanjira ka konkire kokutidwa ndi mphasa yapadera, ndi ukonde kuzungulira. Kanjira kotere kakhoza kukwana m'mbali mwa bwalo la sukulu popanda kulanda malo a mpira wa miyendo kapena wa manja. Malo otetezeka kwambiri ndi a m'kati mwa mpanda wa sukulu, chifukwa si kawirikawiri kuti munthu adulemo puloti. Pali ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022. Zofuna za anthu pa ndalamazi ndi zambiri, ndipo palibe amene anganene kuti kriketi ipose ngalande kapena madesiki. Koma pempho la kanjira kamodzi pa sukulu imodzi, lokonzedwa bwino ndi makolo ndi aphunzitsi, si chinthu chochititsa manyazi kubweretsa ku komiti.

Palinso bwalo la Olympic Youth Development Centre, limene linatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa msewu wa Great North, kufupi ndi Matero ndi Mandevu. Kumeneko kumasonkhana kale ana othamanga ndi odumpha ochokera m'makomboni. Popeza kriketi ikubwerera ku masewera a Olympics ku Los Angeles mu 2028, koyamba kuchokera mu 1900, pali chifukwa chomveka choti makochi a kriketi ndi a mpikisano wothamanga azikhala pansi pamodzi. Wothamanga amene sadzafika pa Muzala Samukonga, amene anatenga mendulo ya buronzi ku Paris mu 2024, akhoza kukhala ndi miyendo ndi mapewa a woponya wabwino.

Kasankhidwe ndiko kadzaweruze

Chomaliza ndi chimene chimachitika m'chipinda cha osankha timu. Malamulo a ICC amalola munthu kusewerera dziko ngati anabadwiramo, ali ndi pasipoti yake, kapena wakhalamo zaka zitatu. Mayiko ambiri ang'onoang'ono atenga njira yachidule yodzaza timu ndi anthu amene anaphunzira kriketi kwina. Palibe cholakwa ndi osewera otere, ndipo a m'dziko muno ochokera ku mabanja achimwenye ndiwo anasunga masewerawa ndi ndalama zawo pamene ena onse anawaiwala. Koma timu imene imangodalira obwera kale odziwa imakhala yolimba pa mpikisano umodzi, osati pa mbadwo. Mwana wa ku George akaona kuti amene waponya bwino chaka chonse wasiyidwa, ndipo amene wakwera ndege ndi wokhoza kudzilipirira tikiti kapena wachibale wa mkulu wina, sadzabweranso, ndipo ang'ono ake sadzayamba n'komwe.

Mankhwala ake ndi odziwika. Zotsatira za masewera onse, ngakhale a sukulu, zizilembedwa ndi kuikidwa poyera. Zofunika kuti munthu asankhidwe zizilengezedwa mayeso asanachitike. Osankha azipita kukaonera masewera kumene akuchitikira, osati kumva za m'maluwa. Ndipo bungwe lenilenilo lizisunga mabuku ake mwadongosolo, pakuti zaka za 2019 mpaka 2025 zinatiphunzitsa kuti akuluakulu akalephera kukwaniritsa zofunika za umembala, amene amalipira ndi ana.

Mwana amene angadzaponyere Zambia mpira woyamba zaka zisanu zikubwerazi ali ndi zaka 13 kapena 14 lero. Mwina madzulo ano ali pa mzere wa madzi ku Kanyama, kapena akuthamangitsa chimpombwa kuseri kwa msika wa Mtendere, ndipo dzina la kriketi sanalimvepo. Kumupeza kukufuna munthu mmodzi woyenda ndi mipira ya tenesi ndi tepi m'chikwama. Kumufikitsa ku zaka 20 msana uli wamphumphu, mimba yokhuta ndi satifiketi ya giredi 12 m'manja kukufuna bungwe, sukulu, makolo ndi boma kwa zaka zisanu ndi ziwiri mosalekeza. Kubwerera kwathu mu ICC kudzayezedwa ndi ntchito yachiwiriyi.